Clonex ya pepo ija ndiyabwino, koma siidzutsa ma clone ofota

Anzathu angapo kuno ku Joni akhala akufunsa za kabotolo kaja kolembedwa Clonex, jelo wothandiza nthambi zodula kumera mizu, eti nkoyeneradi ndalama yake kapena akungotidyera basi. Ine ntchito yanga ndi ya m'magadeni kumpoto kwa Johannesburg, ndiye zodula timitengo nkumeretsa ndi za masiku onse, ma rose, lavender, rosemary, hibiscus, komanso kuseri kwa nyumba yomwe ndimakhala ndili ndi timitengo tanga tachamba towerengeka. Clonex ndimaigula ndipo ndiigulabe, koma anthu ambiri amaipatsa ulemu woposa ntchito yake, makamaka akaona ma clone awo, timitengo todula pa mtengo wina kuti timere mizu, agwetsa makutu nkumaganiza kuti akaonjezera jelo adzuka. Sadzuka ndi jelo amwene.

Kaye za malamulo, chifukwa ena muwerenga izi muli ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Kuno ku South Africa Constitutional Court inagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu atha kudzala ndi kugwiritsa ntchito chamba pamalo pake payekha, ndipo mu May 2024 Ramaphosa anasaina lamulo lotchedwa Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa ndi mlandube, musapusitsidwe ndi ma shopu omwe mukuwaona. Kwathu ku Malawi nkhani ndi ina, lamulo la 2020 linalola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo ali ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority, wopanda pepala limenelo apolisi akakupeza nacho ukalowa. Ndiye zomwe ndikulemba apa ndi za ife tili kuno, ndi alimi a laisensi kumudziko ngati zingawathandize.

Chifukwa chomwe anthu amavutikira ndi ma clone m'malo mongodzala njere nchosavuta. Njere sumadziwa kuti ituluka yaimuna kapena yaikazi mpaka itakula, wataya nthawi, madzi ndi manyowa, kenako uzule. Ukadula kanthambi pa mtengo waukazi womwe ukuudziwa kale, kamene kamere ndi mtengo womwewo ndendende, fungo, kakulidwe, zonse, ngati momwe timachitira ndi chinangwa kumudzi kuti phesi la mbundumali limabereka mbundumali basi. Kusiyana kwake chinangwa ungochibaya pamzere nkuchoka, pomwe kanthambi ka chamba nkanthete, kali ndi masamba omwe akutayabe madzi koma kalibe mizu yomwera, ndipo nkhani yonse ya kufota ili pamenepo.

Clonex yeniyeniyo ndi jelo wa pepo, wokhuthala, botolo lomwe ambiri timagula ndi la 50 ml ndipo limapezeka m'ma shopu a hydroponics (ulimi wopanda dothi) ndi m'ma nazale ena akuluakulu. Mankhwala ogwira ntchito mkatimo ndi IBA, ndi homoni yomwe imauza tsinde kuti apa tulutsa mizu, ndipo mulingo wake ndi pafupifupi 0.3 peresenti. Chomwe ndimaikondera nchakuti imamatirira. Ukadula ndi lezala nkuviika nthawi yomweyo, jeloyo amatseka chilonda chonse, mpweya sulowa mu tsinde, ndipo ukamabaya mu Jiffy, kabulo komeretseramo timitengo, sachoka. Paudala womeretsera mizu nthawi zina amatsalira pamwamba pa bowo, iwe nkumati wathira mankhwala pomwe tsinde lalowa lopanda kanthu. Mtundu wa pepowo umathandizanso, umaona ndi maso kuti apa pafika apa sipanafike, makamaka ukamagwira ntchito madzulo utaweruka kuwala kuli kochepa.

Ndimachita chonchi. Ndimasankha nthambi ya m'munsi kapena yapakati pa mtengo womwe sunayambe maluwa, yotalika masentimita 10 mpaka 15, yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Lezala watsopano kapena wopukutidwa ndi spirit, osati mpeni wodulira tomato. Ndimadula mopendeketsa m'munsi pang'ono mwa mfundo, nkuponya mu kapu ya madzi pompo pompo, masamba a m'munsi ndimachotsa, akuluakulu otsalawo ndimawadula theka ndi sizasi kuti asamataye madzi ambiri. Kenako jelo ndimathira pang'ono mu kachitsekerero kena, ndiviike mmenemo, wotsalayo nditaye. Osaviika tsinde m'botolo lenilenilo, ukatero walowetsa tizilombo ndipo botolo lonse lisanduka chofalitsira matenda, ndipo pa mtengo wakewo zimapweteka. Likatha ntchito litsekeni bwino mulisunge pozizira posafika dzuwa, langa limakhala mu fuliji kuseri kwa majarini, akunyumba anasiya kufunsa.

Tsono mtengo. Ndi yodula, palibe zobisa, ukayerekeza ndi Dynaroot, paudala uja amapezeka pafupifupi mu nazale iliyonse kuno. Dynaroot ali m'manambala atatu, nambala 1 wa timitengo tanthete, nambala 2 wa tokhwimirako, nambala 3 wa mitengo yolimba, ndipo mankhwala ake ndi IBA yemweyo, kungosiyana mphamvu. Pa chamba nambala 1 kapena 2 amakwana, nambala 3 ndi wamphamvu kwambiri kwa tsinde lanthete, musiyireni mitengo yokhwima. Ine ndagwiritsa zonse ziwiri mbali ndi mbali mu thireyi imodzi ndipo kunena zoona onse amamera, a Clonex amakonda kutulutsa mizu mozungulira tsinde lonse ndipo amafanana kakulidwe, a paudala ena amatsogola ena amatsalira, koma pakapita nthawi mitengo itakula simungaloze kuti uwu unali wa jelo uwu wa paudala. Amene mumameretsa zambirimbiri ngati ku ntchito kwathu paudala ndiye wanzeru. Amene muli ndi mtengo umodzi womwe mumaukonda ndipo mukufuna timitengo tochepa tisafe, gulani jelo, botolo limodzi likhalitsa. Ena amalumbirira madzi a aloe vera kapena uchi, sindikutsutsa, chamba chimatha kumera mizu ngakhale mu kapu ya madzi chabe, kungoti chimachedwa ndipo zambiri zimaolera m'njira.

Pobaya ndimakonda ma Jiffy, timabulo touma tija timafufuma tikanyowa. Rockwool, chomeretseramo china chooneka ngati thonje, ndiyabwinonso koma imafuna uyambe waiviika m'madzi a pH 5.5 (pH ndi mulingo wa asidi m'madzi), ndiye ugulenso choyezera ndi mankhwala otsitsira pH, kwa munthu wa timitengo tochepa ndi chintchito. Jiffy ukamunyowetsa umufinye pang'ono kuti asamadonthe, akhale wachinyezi basi. Ma clone ambiri omwe anzanga amandionetsa pa foni atafa, anafa ndi madzi ochuluka, thireyi ili thabwaa ngati dambo, tsinde lilibe mpweya. Mizu imafuna mpweya kuti ituluke, ndipo imatuluka msanga pamene ikusakasaka madzi.

Nkhani yaikulu ndi chivindikiro. Ngati ndalama zanu zikukwana chinthu chimodzi chokha, pakati pa Clonex ndi thireyi yokhala ndi chivindikiro choonekera mkati, tengani chivindikiro. Mphepo ya Johannesburg ndi youma, makamaka kuyambira May mpaka September milomo imachita kung'ambika, ndiye kanthambi kopanda mizu ukakasiya poyera kagwa tsiku lomwelo kaya wakapaka jelo wochuluka bwanji. Mkati mwa chivindikiro mukhale chinyezi chokwera, 80 peresenti kupita m'mwamba masiku oyamba, uziona timadontho m'mbali mwa pulasitiki. Koma posankha yang'anani bwino, ine ndinagulapo china chotchipa pa shopu ina chomwe timazenera take tapamwamba sititsekeka, ndipo chivindikirocho sichikhala bwino pa thireyi, mpweya umangolowa m'mbali, mpaka ndinachita kumata ndi selotepi. Botolo la malita awiri la zakumwa lodulidwa pakati limagwira bwino kuposa chimenecho, ndipo ndi laulere.

Tsono akafota mutani. Choyamba musanjenjemere, kufota kwa tsiku loyamba ndi lachiwiri nkwachibadwa, kanthambi kangochotsedwa kwa mayi wake. Poperani madzi wamba mkati mwa chivindikiro ndi pang'ono pamasamba, tsekani timazenera tonse, chotsani padzuwa muike pamthunzi powala, kapena ngati muli ndi getsi likwezeni m'mwamba. Ambiri amadzuka okha pofika mawa lake. Dzuwa lachindunji pa chivindikiro chotseka ndi uvuni, masana amodzi okha mupeza zonse zaphikika, ndipo apo palibe chodzutsa.

Amene wagweratu, tsinde lapindika mutu wagunda pansi, muzuleni mu Jiffy mumuyang'ane kumunsi. Ngati tsinde likadali lobiriwira kapena loyera ndipo ndi lolimba ukalitsina, ali moyo ameneyo, vuto nkuti madzi sakukwera, mwina mpweya unalowa podula paja kapena bowo linali lalikulu tsinde silimakhudza dothi. Dulaninso pamwamba pang'ono, bwino mudulire m'madzi momwemo, mumusiye mu kapu ya madzi pamthunzi maola angapo kapena usiku wonse, muona masamba akulimba kachiwiri. Akaimirira ndiye mupakenso jelo, Jiffy watsopano, mufinye pakamwa pa bowo kuti ligwire tsinde, abwerere mu chivindikiro. Apa ndi pokhapo pamene Clonex ikulowa pa nkhani yodzutsa, ndipo onani kuti yabwera pomaliza, amene wadzutsa ndi madzi.

Koma mukapeza kumunsi kwada, kwafewa, kukuterera ngati therere loola ndipo mwina kukununkha, ameneyo wapita. Ndi matenda a kuola aja amabwera ndi madzi ochuluka ndi kuzizira, ndipo amasamukira kwa anzake msanga, ndiye mutayeni pamodzi ndi Jiffy wake, osamumvera chisoni. Ngati kuolako kuli kumunsi kokha ndipo pamwamba patsala mfundo ziwiri zabwino mutha kuyesa kudula pamwamba patali ndi poolapo ndi lezala woyera, nthawi zina zimatheka, koma muikeni payekha. Chuku choyera kapena chotuwa pamasamba ndi chizindikiro choti mwatseka kwambiri, muzitsegula chivindikiro kamodzi kapena kawiri patsiku kwa mphindi zochepa mpweya usinthe, ndipo tsamba lililonse lakufa lichoke.

Pali kwina komwe anthu amasokoneza ndi kufa. Pakatha sabata masamba a m'munsi amayamba chikasu pomwe nsonga ili njo yobiriwira, ena amathamangira feteleza. Ayi, kamtengoko kakudya chakudya cha m'masamba akalewo kuti kapange mizu, nthawi zambiri ndi nkhani yabwino. Feteleza asanatuluke mizu ndi kungootcha. Ndipo chonde lekani kuzulazula kuti muone ngati mizu yayamba, timizu toyamba ndi tosachedwa kuthothoka, dikirani muione yokha ikutulukira m'mbali mwa Jiffy, yoyera. Zinthu zikakhala bwino ndi pakati pa masiku 7 ndi 14, mitundu ina mpaka masabata atatu. Mitundu yathu yaitali ija ya ku Africa kuno, Durban Poison kapena Malawi Gold wa ku Nkhotakota, imakula mwamphamvu ndipo nthambi zodula sizisowa. Ma autoflower okha, mitundu ija imayamba maluwa yokha ikangofika msinkhu posatengera kuwala, musataye nawo jelo, kanthambi kamakhala ndi msinkhu wa mayi wake ndipo kamayamba maluwa kakadali kakang'ono.

Kutentha ndi chinthu china chomwe botolo silingakupatseni. Mizu imafuna madigiri 22 mpaka 26, ndiye mu June ndi July kuno kukamachita chisanu m'mawa, thireyi yoikidwa pa simenti imangokhala osafa osamera mpaka iole. Kamphasa kotenthetsa ka magetsi kamathandiza kwambiri, koma magetsi akathima usiku kamazizira, ndiye ikani thireyi pa thabwa kapena pa katoni, mufunditse thaulo usiku. Kapena ingodikirani September kukayamba kufunda, simulipira kanthu. Za kuwala, getsi wamba la LED kapena chubu loyaka maola 18 patsiku likwana, safuna lamphamvu, koma ngati mukudalira dzuwa lokha nthawi ya masiku aafupi dziwani kuti atha kuyamba maluwa asanakule.

Kufota komaliza, komwe kumapweteka kwambiri, ndi kwa clone yemwe wamera kale mizu. Munthu waona mizu, wasangalala, wachotsa chivindikiro kamodzi nkamodzi nkuika panja, pobwera ku ntchito apeza zonse zagona. Anazolowera chinyezi, ndiye muziwazoloweza pang'onopang'ono, lero timazenera theka, mawa tonse, kenako chivindikiro chichoke ola limodzi, mawa lake maola angapo, mpaka azikhala okha. Akagona abwezereni mkati mupopere, awa amadzuka msanga chifukwa mizu ilipo. Ku shopu akuuzani kuti mutengenso Clonex Mist yopopera masamba, ilipodi ndipo ena amaikonda, koma ine ndimapopera madzi a pampopi omwe ndawasiya mu ndowa usiku kuti fungo la klorini lichepe, ndalama ya Mist ndimagulira ma Jiffy.