Ketulo ya magetsi ya galasi: phokoso lake si chilema

Anthu ambiri amene agula ketulo ya magetsi ya galasi, ya malita 1.7 ndi mphamvu ya ma watt 2,200, amadandaula kuti imasokosa madzi asanawire, mwakuti ena amayesa kuti yawonongeka. Ine ndimaiyamikira pa chifukwa chomwecho, pakuti galasi lake limaonetsa maso chimene makutu akumva.

Mukangoiyatsa, timathovu ta mpweya umene unali m'madzi timakakamira m'mbali mwa galasi mwakachetechete. Posakhalitsa chitsulo cha pansi chimatentha kuposa madzi a pamwamba, ndipo pachitsulopo pamatuluka timathovu ta nthunzi timene, tikangokwera pang'ono n'kukumana ndi madzi ozizirirapo, timaphwa mwadzidzidzi. Kuphwa kwa timathovu tambirimbiri nthawi imodzi ndiko kumabweretsa phokoso lija, ndipo mukayandikira mumaona tikuthwanima pansipo n'kuzimirira tisanafike pakati pa ketulo. Katswiri wa sayansi wa ku England, Lord Rayleigh, anafotokoza ndi masamu m'chaka cha 1917 momwe thovu lotere limaphwera, ndipo masiku ano akatswiri a sayansi amatenthetsa kamalo kakang'ono ka madzi ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kuti amvetsere thovu limodzi lokha pogwiritsa ntchito maikolofoni ya m'madzi. Madzi onse akatentha mofanana, timathovu timafika pamwamba tisanaphwe, phokoso limatsika, n'kungotsala kubwata. Mphunzitsi wa sayansi amene alibe labu angaphunzitse zonsezi ndi ketulo imodzi.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yachangu: lita imodzi imawira m'mphindi pafupifupi zitatu, ndipo imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a yuniti ya magetsi. Imazima yokha nthunzi ikafika pa switchi, choncho chivindikiro chiyenera kutsekedwa bwino, apo ayi imangowirabe. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wopitirira mamita 1,000, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 osati 100, koma imazimabe bwinobwino chifukwa imatsata nthunzi.

Zovuta zake ndi ziwiri zimene sindingazibise. Galasi limatentha kwambiri moti m'nyumba ya ana aang'ono ketuloyi iyenera kukhala patali, komanso madzi a pa mjigo amasiya zoyera zokakamira pansi zimene zimaonekera msanga. Kuwiritsamo madzi osakaniza ndi viniga kapena mandimu kumazichotsa, ndipo amene angapirire ntchito imeneyi ndikumulimbikitsa kuigula.