Poloti ya lizi kapena ya kalata ya mfumu?

Ku Mzuzu, wofuna malo omangapo nyumba amakumana ndi njira ziwiri. Ya kalata ya mfumu, yofala m'madera ngati Mchengautuwa ndi Zolozolo, ndi yotchipa komanso yachangu: mwagwirizana lero, mawa njerwa zafika. Vuto limadza mkangano ukafika ku Khoti Lalikulu. Potsatira lamulo lakale la malo la 1965, makhoti ankagamula kuti malo a makolo sagulitsidwa, chifukwa wogulitsayo anali ndi ufulu wongowagwiritsa ntchito. Ndiye mwana wa malemu akatulukira n'kunena kuti mundawo ndi wa banja lonse, kalata ija, ngakhale ili ndi chidindo, imachepa mphamvu. Malamulo a 2016 anatsegula njira yolembetsa malo otere, koma ngati sanalembetsedwe, mwagula nkhani ya pakamwa.

Poloti ya lizi (malo obwereka kwa zaka zambiri, olembetsedwa kuboma), kaya ya khonsolo, ya Malawi Housing Corporation kapena ya unduna wa zamalo, ndi yodula, ndipo mapepala ake amayenda ngati nkhono. Pali lendi ya chaka ndi chaka. Koma mungathe kukafufuza ku ofesi ya zamalo (Lands) dzina la mwini wake musanapereke tambala, ndipo banki imailandira ngati chikole. Ine ndingadikire liziyo.