Mbale ya masitadi, pendulamu kapena makina ovala jombo: tiyeze ndi chiyani kagwiridwe ka kapinga wochita kupanga?

Kapinga akamaterera, wosewera amagwa pokhota. Akagwira mopitirira, phazi limakanirira pansi thupi likutembenuka, ndipo chovulala ndi bondo. Chida chabwino chiyenera kutiuza kuti bwalo lathu lili pati pakati pa ziwirizi.

Chofala kwambiri ndi mbale ya masitadi: chitsulo chozungulira chokhala ndi masitadi 6 kunsi kwake, cholemera makilogalamu 46 pamodzi ndi zitsulo zosanjikapo. Mumachigwetsa kuchokera pa masentimita 6 kuti masitadi alowe, kenako n'kuchipotokola ndi sipanala yowerenga mphamvu. Buku la FIFA la 2015 limafuna 25 mpaka 50 Nm (muyeso wa mphamvu yopotokolera) pa mlingo wa FIFA Quality, ndi 30 mpaka 45 Nm pa mlingo wapamwamba wa Quality Pro. Ubwino wake uli pomwepo, nambala yanu ili ndi poiyerekeza. Koma imangosonyeza pamene kukana kwafika pachimake, osati mmene kwakwerera, komanso dzanja la woyeza likafulumira kapena kuchedwa, zotsatira zimasuntha. Kuzungulira nacho bwalo lonse nakonso n'kothyola msana, funsani amene anachinyamulapo.

Pendulamu, chitsulo cholendewera chimene chimakhula pansi ndi kalabala pochilekerera, musataye nayo nthawi. Kalabala kake kamangokhudza pamwamba, n'chifukwa chake imathandiza pa mabwalo othamangirapo ndi pansi pa maholo amasewera. Pa kapinga wamtali kugwira kumachitikira mkati, mu mchenga ndi tizidutswa ta labala zimene amathira m'kapingamo. Ngakhale pendulamu ya masitadi FIFA inaisiya mu 2015.

Makina ovala jombo yeniyeni, monga Pennfoot wa ku yunivesite ya Penn State ku America ndi BEAST amene NFL, ligi ya mpira wa chiAmerica, imagwiritsa ntchito, amayankha funso limene mbale singayankhe: nsapato iyi pa kapinga uyu ikuchita bwanji? Amayeza popotokola ndi pokankha molunjika pomwe. Vuto ndi mtengo, akatswiri owayendetsa, ndiponso kuti mukasintha jombo nambala yasinthanso, choncho kuyerekeza mabwalo awiri kumavuta.

Ine kwa wosamalira bwalo ndimasankha mbale. Yezani malo omwewo nthawi zonse, makamaka kutsogolo kwa magolo kumene labala amagangatika msanga, ndipo lembani ngati kapinga anali wonyowa kapena wouma. Makinawo asiyireni opanga nsapato ndi ofufuza za kuvulala.