Webusayiti ya shopu yathu yosoka zovala, yopangidwa ndi wophunzira wa chaka chachitatu

Ndili ndi shopu yosoka zovala za zitenje ku Limbe, ndipo kwa zaka zingapo malonda athu ankadalira tsamba la Facebook ndi zithunzi zoika pa WhatsApp basi. Makasitomala a ku Johannesburg atayamba kuimba usiku kufunsa mitengo ya madiresi a chinkhoswe, ndinaona kuti pakufunika webusayiti. Makampani omwe ndinawafunsa anatchula ndalama zoti sindikanakwanitsa, choncho ntchitoyo ndinaipereka kwa mnyamata wina wa chaka chachitatu pa koleji ina mu Blantyre, yemwe sanandibisire kuti ine ndinali kasitomala wake wachiwiri.

Ntchito yake yoyamba sinandisangalatse. Anagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, ndipo pa laputopu yake zonse zinkaoneka bwino, koma nditatsegula pa foni yanga tili pakhonde la shopu, tinangoyang'ana sikirini yoyera yopanda kanthu mpaka kasitomala amene ankayezedwa anamaliza n'kutsanzika. Vuto linali la zithunzi: anaziika monga mmene zinachokera pa kamera ya foni, chilichonse cha ma MB anayi kapena asanu, moti munthu wa bandulo ya tsiku limodzi akanaithera pa madiresi ochepa. Pamwamba pa tsambalo panalinso mawu akuti "Not secure", kutanthauza kuti tsambalo n'losatetezeka, omwe Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, yakhala ikuika kuyambira mu 2018 pa webusayiti iliyonse yopanda HTTPS, njira yotetezera zimene munthu akutumiza pa webusayiti. Kwa munthu amene mukufuna kuti akutumizireni ndalama asanakuoneni ndi maso, mawu amenewo ndi okwanira kumuthamangitsa.

Chimene chinandichititsa kusamusiya ndi chakuti sanakangane nane. Anatenga kabuku, n'kulemba madandaulo anga onse, ndipo patatha milungu iwiri anabwera ndi ntchito yosiyana kwambiri ndi yoyamba ija. Anali atayeza liwiro la tsambalo ndi PageSpeed Insights ya Google, atachepetsa zithunzi zonse n'kuzisandutsa WebP, mtundu wa zithunzi zosadya bandulo yambiri, komanso ataika satifiketi yaulere ya Let's Encrypt yobweretsa HTTPS ija, yomwe imatha pa masiku 90 ndipo iye anaikonza kuti izidzitsitsimula yokha. Anandifotokozera zimenezi pang'onopang'ono, akujambula pa pepala la patani lomwe linali pa thebulo lodulira nsalu.

Pomwe ndinaona kuti wayamba kuganiza ngati munthu wa ntchito ndi pa nkhani ya malipiro. Ine ndinkafuna kuti anthu azilipira ndi khadi pa webusayiti pomwepo, chifukwa ndinaona ena akutero. Iye anandifunsa kuti mwa makasitomala anga ndi angati amene amalipira asanakambirane za miyeso ndi mtundu wa nsalu, ndipo yankho linali lakuti palibe. M'malo mwake anaika batani pansi pa diresi lililonse, loti munthu akalidina WhatsApp imatseguka uthenga utalembedwa kale ndi dzina la diresilo, kenaka timamaliza pa Airtel Money kapena Mpamba monga mwa nthawi zonse. Batani limenelo ndilo likutibweretsera maoda ambiri.

Zofooka zilipo, ndipo ofuna kulemba ntchito wophunzira azidziwiretu. Nthawi ya mayeso ankatha masiku anayi osayankha foni. Tsiku lina anakonzanso pulagini, kapulogalamu kowonjezera pa WordPress, asanasunge kope la webusayiti, tsamba la mitengo n'kusokonekera kwa tsiku lathunthu la Loweruka, lomwe kwa ife ndi tsiku la malonda. Choopsa kwambiri n'chakuti dzina la webusayiti, lothera ndi .mw, analilembetsa pa imelo yake, zomwe zikanandisiya m'manja mwake akanati asamuke kapena tikangane. Nditamufunsa anavomera kuti sanaganizepo, ndipo tinasintha sabata yomweyo.

Pomaliza ntchito anandisiyira masamba awiri olembedwa m'Chichewa, osonyeza mmene ndingaikire chithunzi chatsopano, mmene ndingasinthire mtengo, ndi tsiku lolipira hositing'i, malo a pa intaneti osungirako webusayiti. Kwa shopu yaing'ono yofuna kuonetsa katundu ndi kulandira mauthenga, ndingamulembenso ntchito mosakayika, malinga mapasiwedi onse akhale kwa ine kuyambira tsiku loyamba. Pakali pano ali pa atachimenti, koma amabwerabe Loweruka loyamba la mwezi kudzasunga kope la webusayiti asanakhudze china chilichonse.