Maphunziro a basketball a Loweruka ku Rosettenville, kumene mwana wosagoletsa amalembedwa m'kope

Kwa miyezi isanu tsopano, Loweruka lililonse m'mawa ndakhala ndikuperekeza mwana wanga wamwamuna wa zaka 13 ku maphunziro a basketball amene amachitikira pa bwalo lina la simenti ku Rosettenville, kum'mwera kwa Johannesburg, ndipo popeza makolo anzanga a ku Malawi akhala akundifunsa tikaweruka ku tchalitchi ngati kuli koyenera kulembetsako ana awo, ndaganiza zolemba zimene ndaona ndi maso anga. Mphunzitsi alipo mmodzi ndi mnyamata womuthandiza, ndipo ndalama ya mwezi wathunthu ndi yochepa kuyerekeza ndi imene takisi imandidyera pa sabata imodzi popita kuntchito.

Mwana wangayu ndi wamfupi, ndipo akaponya mpira kakhumi, ukalowa kawiri ndiye kuti tsikulo ladzuka bwino. Ndinkayembekezera kuti azingokhala pa benchi n'kumasunga mabotolo a madzi a anzake, monga zimakhalira m'malo ambiri kumene mphunzitsi amangoyang'ana mwana wamtali. Chimene chinandidabwitsa ndi kope limene mphunzitsiyu amayenda nalo m'manja. M'kopemo salembamo mapointi ayi, koma amalembamo mwana amene wagunda mpira wa adani n'kuusokoneza njira, amene wadziponya pansi kulimbirana mpira wopanda mwini, amene wayamba kubwerera kumbuyo kudzatchinga timu yake ikataya mpira, ndiponso amene waima nji kutsekereza mdani kuti mnzake apeze mpata woponya.

Loweruka lachitatu mpira unkagubuduzika kupita kunja kwa mzere, ana ena onse ataima n'kumauyang'ana. Mwana wanga anaudumphira chafufumimba, nakhula chigongono pa simenti, koma anaukankhira kwa mnzake amene anathamanga nawo n'kukagoletsa. Mphunzitsi analiza wezulo n'kuimitsa masewero, ndipo anauza ana onse kuti aombere m'manja amene anali pansi uja, wogoletsayo ali chiimire pambali. Tili m'takisi pobwerera, magazi atauma pa mkono, mwanayo anandiuza monyadira kuti, "Adadi, lero andilemba kanayi."

Ndikuona kuti mphunzitsiyu akulondola, ndipo zifukwa zake zili m'kapangidwe ka masewerawo. M'bwalo mumakhala osewera asanu mbali iliyonse koma mpira ndi umodzi, zomwe zikutanthauza kuti nthawi zambiri anayi amakhala akugwira ntchito popanda mpira m'manja. Timu imapatsidwa masekondi 24 okha kuti iponye, choncho wosewera amene walanda mpira, kapena amene watola mpira wobwerera mnzake ataphonya, wapatsa timu yake mwayi wina woponya umene sukanakhalapo. Masewero a NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, amatenga mphindi 48, ndipo katswiri aliyense amafika potopa n'kukapuma. Pa mphindi zimenezo ndi pamene timu imadalira munthu wochokera pa benchi amene akalowa anzake amadzidzimuka ngati wawathira madzi ozizira.

Amene tinkadzuka 2 koloko usiku mu June 2025 kuonera ndime yomaliza ya NBA tinaziona zimenezi. Oklahoma City Thunder inagonjetsa Indiana Pacers pa masewero anayi kwa atatu, ndipo mphoto ya wosewera wopambana inapita kwa Shai Gilgeous-Alexander, zomwe palibe angatsutse. Komabe Thunder inalinso ndi Alex Caruso, munthu amene palibe timu inamusankha pa chisankho cha osewera atsopano cha 2016, amene anakwera pang'onopang'ono mpaka kutenga chikho ndi Los Angeles Lakers mu 2020. Pa masewero achisanu ndi chiwiri olimbana ndi Denver Nuggets, Thunder isanafike m'ndime yomaliza, Caruso anapatsidwa ntchito yotchinga Nikola Jokić, chimphona chomuposa msinkhu kutalitali, ndipo anamumatirira ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Kumbali ya Indiana kunali T.J. McConnell, nayenso wosasankhidwa mu 2015, amene pa masewero achitatu a ndime yomaliza anachokera pa benchi n'kupeza mapointi 10, kupatsira anzake mipira 5 yogoletsa ndi kulanda mipira 5, ina mwa iyo adani akungoyambitsa kumene kuchokera kunja kwa mzere. Nayo NBA imawerenga ntchito zoterezi, ndipo kuyambira 2017 imapereka mphoto yotchedwa Hustle Award, imene Patrick Beverley anali woyamba kulandira, pomwe Caruso anailandira mu 2024. Mphunzitsi wa ku Rosettenville amaonetsa ana timakanema ta anthu amenewa pa foni yake, ana atamuunjirira, ndipo amawauza kuti asayang'ane kumene kuli mpira koma mapazi a munthu amene alibe mpirayo.

Izi sizikutanthauza kuti zonse zili bwino pamalopo. Nthawi yophunzira kuponya ndi yochepa kwambiri, chifukwa imabwera kumapeto ana atatopa kale, ndipo mipira ilipo yowerengeka, moti mwana amaima pa mzere nthawi yaitali kuposa imene amagwira mpira. Mayi wina wa ku Mangochi, amene mwana wake ndi wamtali ndiponso ali ndi dzanja labwino, anamuchotsako patatha miyezi iwiri, ndipo anandiuza tili pa mpanda kuti, "Achimwene, ine ndimalipira kuti mwana aphunzire kugoletsa, osati azibwera kunyumba ndi mabala ngati wagwa pa njinga." Sindinawatsutse mayiwo, pakuti timu ya anthu akhama okhaokha yopanda wogoletsa imangothera thukuta pachabe, ndipo Caruso yemweyo sakanakhalitsa mu NBA akanapanda kuphunzira kuponya mpira wa mapointi atatu. Mwana amene ali ndi mphatso yogoletsa afunika kupeza nthawi ina yoyeserera payekha mkati mwa sabata.

Nkhani ya mabalayo ndi yoona. Kuphunzitsa ana kudziponya pansi pa bwalo la matabwa n'kosiyana ndi kuwaphunzitsa pa simenti, ndipo pamenepa ndikanakonda mphunzitsi akanakakamiza kuti mwana aliyense azivala zotchinjiriza maondo ndi zigongono asanalowe m'bwalo. Ife tinagula tokha titaona nkhanambo yachitatu. Mkombero woponyeramo mpira wa mbali imodzi ndi wopindika pang'ono ndipo ulibe neti, mthunzi palibe, ndiponso m'miyezi ya June ndi July chisanu cha Johannesburg chimachititsa kuti maphunziro ayambe mochedwa chifukwa ana amafika mmodzimmodzi, manja ali m'matumba. Chilankhulo cha pabwalopo ndi Chingerezi chosakanikirana ndi Chizulu, koma mwana amene wangofika kumene kuchokera kumudzi sasowa womumasulira, popeza ana a Chimalawi alipo angapo.

Kwa kholo limene mwana wake ndi wamanyazi, wamfupi kapena woyamba kumene, malo amenewa ndikuwavomereza ndi mtima wonse, malinga mupite ndi madzi akumwa, zotchinjiriza zija ndi mapulasitala. Sabata yatha timu ya anawa inasewera ndi anzawo a ku Turffontein, ndipo mwana wanga analowa m'chigawo chachitatu timu yake ikutsalira. Sanagoletse ngakhale pointi imodzi, koma analanda mpira kawiri motsatizana, ndipo pa benchi ponse panaimirira, kuphatikizapo ana amene ankakhala chete chiyambire m'mawa. Timu yawo inagonjabe ndi mapointi atatu, ndipo madzulo ake mwana wangayo anandipempha kuti ndimukhomere mkombero kuseri kwa nyumba, nkhani imene ndikuyenera kuyamba ndakambirana ndi a landilodi.