Miyezi khumi ndili ndi Trust Wallet: foni inapita, ndalama zinatsala

Nditangoika Trust Wallet pa foni yanga ndinkaichemerera kwa aliyense, mwinanso mopitiriza muyezo. Chinandikopa n'chakuti sinandifunse pasipoti kapena pepala losonyeza komwe ndimakhala, ndipo amene tili kuno ku Joni tikudziwa mmene mapepala amenewa amavutira. Tsopano patha miyezi khumi, ndiye ndingathe kulankhula zomwe ndaona ndi maso.

Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi app yosungiramo ndalama za pa intaneti monga Bitcoin ndi USDT. Inayamba mu 2017 ndipo Binance, kampani yogulitsirapo ndalama zoterezi, inaigula mu 2018. Si banki ayi, makiyi a ndalama zanu amakhala ndi inu nomwe. Ine ndimasungamo USDT basi, ija imayendera limodzi ndi dola ya ku America. Ndinapsa kamodzi: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya malata yomwe ndinatumiziratu kumudzi ku Ntcheu sinakwanenso. Kuyambira pamenepo ndinkafuna poika ya nyumba mpaka tsiku logula.

Mayeso enieni anabwera mwezi wachinayi. Lachisanu madzulo pa renki ya mateksi ya Bree, anthu ali pikitipikiti, ndinakwera bwinobwino. Pofika kunyumba kupisa m'thumba, foni mulibe. Usiku umenewo sindinadye.

Potsegula akaunti, app imakupatsani mawu 12 a Chingerezi n'kukuuzani kuti muwalembe papepala mu ndondomeko yake. Ine ndinawalemba mothamanga pa pepala long'amba mu kope, n'kuliponya m'chitini momwe ndimasunga pasipoti. Mawa lake ndinagula kafoni kotchipa, kuikamo app, kuyamba kulemba mawu aja. Pa liwu lachisanu ndi chiwiri ndinaima. Zolemba zanga zomwe, koma osadziwa ngati chilembo chapakati ndi "a" kapena "o". Manja thukuta lokhalokha. Chinandipulumutsa n'chakuti mawuwa sangotoledwa paliponse, amachokera pa mndandanda wa mawu 2,048 womwe uli poyera pa intaneti. Nditayang'anamo, limodzi lokha ndi lomwe linafanana ndi langa. Kudina, ndalama zonse zinaoneka, osachokapo ngakhale senti. Wakuba uja anatenga foni yokhoma ndi pini basi.

Apa ndiye ndinaipatsa ulemu app imeneyi. Koma ndi pomwenso ndinachita mantha, chifukwa pepala lija likanatayika panalibe ofesi yokadandaulako. Ndipo aliyense amene angalione, kaya mlamu kaya mnzako wogona naye chipinda chimodzi, atha kukokolola zonse ali kutali.

Vuto lachiwiri linali umbuli wanga. USDT imayenda pa misewu ingapo, ndipo msewu uliwonse uli ndi ndalama yakeyake yolipirira ulendo. Pa Tron mumalipira ndi TRX, pa BNB Smart Chain mumalipira ndi BNB. Ine ndinali ndi USDT pa Tron, TRX ndilibe. Ndalama ndikuziona, kutumiza osatheka, ngati galimoto yodzaza katundu koma mafuta mulibe. Ndinachita kupempha mnzanga wa kuntchito kuti anditumizire TRX pang'ono. Pano ndimasiyamo ya maulendo awiri kapena atatu nthawi zonse. Ndinaphunziranso kuyang'ana adiresi, yomwe ili ngati nambala ya akaunti yotumizirako: ya Tron imayamba ndi T, ya msewu winawo imayamba ndi 0x. Ku Airtel Money kapena Mpamba ukalakwitsa nambala umaimbira kampani n'kuyembekeza kuti mwina akuthandiza. Kuno ikapita yapita. N'chifukwa chake ndikamatumiza kwa munthu koyamba ndimayamba ndi dola imodzi, akanena kuti yafika ndiye ndimatumiza yotsalayo.

Timakobidi tachilendo timangotulukira tokha mu akaunti, tina tili ndi dzina la webusaiti kuti mukatenge "mphoto". Ndi nyambo, musakhudze. Chimodzimodzi anthu a pa Facebook ndi Telegram odzitcha othandiza makasitomala, omwe amathera popempha mawu 12 aja.

Nanga kutumiza kumudzi? Apa ndi pomwe ndinabweza moto. App imafikitsa USDT ku Malawi m'mphindi zochepa, koma amayi anga sangagule nayo feteleza. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti izi si ndalama zovomerezeka zogulira zinthu m'dziko muja. Ndiye pamafunika munthu wogula USDT yanuyo n'kuponya makwacha pa foni, ndipo zimenezi zimachitikira kunja kwa app. Wina yemwe ndinamupeza pa gulu la WhatsApp anandisunga masiku atatu, mawu ake "network bwana, network". Analipira, koma amayi anali atayenda kawiri kupita kwa ejenti pachabe. Ndinachita manyazi. Ya mwezi ndi mwezi ndinabwerera ku Mukuru, komwe amangolandira uthenga n'kukatenga. Mu Trust Wallet mwatsala ya nyumba yokha.

Mng'ono wanga wa ku Lilongwe, yemwe anafika Fomu 4, anaimvetsa tsiku limodzi. Amayi sindinayese n'komwe. Mawu 12 a Chingerezi, misewu iwiri itatu, ndalama yolipirira ina, yotumiza ina: amene amapanga ma app otere akati "n'zosavuta", amanena munthu ngati mng'ono wangayo.

Sabata yatha ndinakhala pansi n'kulembanso mawu aja ndi zilembo zikuluzikulu, mapepala awiri, lililonse m'kapulasitiki kake. Lina latsala m'chitini muja. Linalo ndipita nalo pa basi mu Disembala, ndipo mpaka pano ndikuganizabe kuti ndikalisiya m'manja mwa ndani.