Chithunzi cha malemu mayi: ndemanga yanga patatha miyezi isanu ndi itatu chili pakhoma

Ndadikira dala kuti dzinja lidutse ndisanalembe ndemangayi, chifukwa kuno ku Zomba chilichonse chopachika pakhoma chimayesedwa ndi chinyezi. Amene mumakhala m'munsi mwa phirili mukudziwa, nsapato ukaziiwala kunsi kwa bedi mu Febuluwale umazipeza zitachita chuku. Ndiye chinthu chimene ndinalipira K180,000 sindikanathamangira kuchiyamikira chikadanunkha penti.

Chithunzicho ndi cha malemu mayi anga. Anagulitsa matemba mumsika waukulu wa Zomba zaka zoposa makumi awiri, ndipo ankakapikula okha ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Chimene tinatsala nacho ndi kachithunzi kamodzi ka pachitupa, kofwifwa, nkhope ili gwa ngati munthu amene akumufunsa mlandu. Ine ndinkafuna chachikulu choika pabalaza kwathu ku Matawale. Mphunzitsi mnzanga ndiye anandilozera mnyamata wina wojambula pamanja amene amachita lendi ku Chikanda, kufupi ndi Chanco, yunivesite ya kuno ku Zomba.

Malo ake ogwirira ntchito ndi chipinda chomwe amagonamo. Mabulashi ali m'botolo la Sobo lodula pakati, zitini za penti kunsi kwa tebulo, makala ojambulira m'mbale yodyera, ndipo zithunzi zambiri zoyedzamira khoma, zitafulatira. Nditamupatsa kachithunzi kaja anakayang'ana kanthawi, kenaka n'kundibwezera.

"Amayi, aka kakungondiuza mphuno ndi maso. Kodi pogulitsa ankakhala bwanji? Ankaika milu ndi dzanja liti?"

Ndinadabwa, mwinanso kunyansidwa pang'ono, poti ndinapita kukagula chithunzi osati kukafotokoza mbiri ya maliro. Koma ndinapezeka ndakhala maola awiri ndikulongosola mmene mayi ankapindira mwendo umodzi pansi, mmene ankawazira timatemba tiwiri titatu ta basera wogula asanapemphe, ndi duku lawo limene nthawi zonse linkapendekera kumanzere. Iye ankangolemba timizere ndi khala papepala. Pambuyo pake ndinamva kuti anapita kumsika m'mawa masiku awiri, n'kupempha amayi a matemba kuti awajambule manja ali pantchito. Anandipemphanso chitenje chimodzi cha mayi. Apa ndinazengereza sabata yathunthu ndisanapereke.

Tsopano zodandaula, poti zilipo. Tinagwirizana masabata atatu, ine n'kutumiza theka la ndalama pafoni tsiku lomwelo. Chithunzi chinatuluka patatha masabata asanu ndi anayi. Pakati apo foni yake inkangoti sakupezeka, ndipo akayankha ndiye "mawa, amayi, mawa". Nditamukwenya anavomera kuti penti ya akiliki yomwe ankafuna inamuthera, m'tauni muno sanaipeze, anachita kudikira wina wopita ku Blantyre. Chifukwa n'chomveka, koma akanandiuza poyamba mtima wanga sukanakhala m'mwamba. Chachiwiri ndi matabwa amene anakokerapo chinsalu. Anali a paini wosauma bwino, ndipo pofika Januwale ngodya imodzi inali itapotoka, chithunzi chikuvina pakhoma. Pamenepa ndimuyamikire, anabwera yekha pa kabaza, n'kuchotsa chinsalu, n'kuchikokeranso pa matabwa ena osandilipiritsa. Vanishi woteteza pamwamba anapaka ulendo womwewo, ndipo ndikuganiza kuti ndikanapanda kufunsa sakanapaka.

Tsiku lokatenga ndinakhumudwa, ndisaname. Ndinkayembekeza nkhope yosalala ngati ya pakamera. Iye nkhope anaijambula mopepuka, mbali imodzi ikulowa m'mtundu wotuwira wonga nkhungu ija imatsika m'phiri m'mawa wa mu Juni. Mphamvu zake zonse anathera pa manja. Manja akulu kuposa muyeso, misempha ili poyera, chala chachikulu chikukankhira timatemba pamulu. Chitenje sanachijambule ayi, anadula chenichenicho n'kuchimata pachinsalu, penti n'kudutsa m'mbali mwake. Mchimwene wanga atachiona anati, "Achemwali, akudyerani ndalama, munthuyu sanamalize ntchito."

Mlandu anaudula ndi mayi aang'ono atabwera kuchokera ku Jali. Analowa m'nyumba, sanakhale n'komwe pansi, anangoima n'kugwira pakamwa. Kenaka anati, "Manja awa ndi a achemwali anga." Nkhope sanaitchule. Ine ndi pamene ndinazindikira kuti nanenso ndikamawakumbukira mayi, chimene chimabwera msanga ndi manja aja akundimangira ndalama ya fizi pansonga ya chitenje. Mnyamata uja anazitola m'mawu anga omwe, ine mwini ndisakudziwa kuti ndanena.

Tsiku limene anabwera kudzakonza matabwa ndinamufunsa za zithunzi zofulatira khoma zija. Anaseka. Akuti zimene zimamudyetsa ndi za dzuwa likulowa panyanja, njovu, ndi amayi osenza mitsuko, zimene amakapereka kwa ogulitsa ziboliboli kuti alendo okwera ku Ku Chawe agule. Zofulatirazo ndiye zake zenizeni, koma alibe poti n'kuzionetsa. Ulendo wina anandionetsa ziwiri. China chinali cha mabwato atakhala pamatope osweka, pokumbukira mmene Chilwa inaphwera mu 2018, ndipo matopewo anali dothi lenileni losakaniza ndi guluu. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira.

Zimenezi zakhala zikundivutitsa maganizo. Ine monga mphunzitsi ndinaperekezapo ana ku Chichiri Museum ku Blantyre, ndipo ndinafikako ku Mua, ku KuNgoni, malo amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, komwe zigoba za gule wamkulu ndi zojambula za m'makoma a Chamare Museum zimakusiya kukamwa kuli yasa. Malo amenewa amasunga bwino za makolo. Koma mwana wa sukulu wofuna kuona zimene wojambula wamoyo akupanga chaka chino ndimupititse kuti? Samson Kambalu anaphunzira pa Chanco pompano, ndipo chiboliboli chake cha John Chilembwe atavala chipewa chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Ife a ku Zomba tinachionera pafoni. Chonsecho mzinda uno, umene unali likulu la dziko mpaka 1975, uli ndi nyumba zakale zambirimbiri, National Archives ili konkuno, chipilala cha asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR) chili konkuno. Chipinda chimodzi chokha chouma bwino, chokhala ndi magetsi ndi munthu wotsegula chitseko Loweruka, chikanatembenuza zithunzi zofulatira zija. Koma izi ndi zodandaula zanga, sizikukhudza malikisi a mnyamatayu.

Kwa amene mukufuna kujambulitsa, funsani kaye ngati penti ndi ya akiliki kapena ya mafuta, chifukwa ya mafuta imachedwa kuuma ndipo masiku amene mwapangana ayenera kutengera pamenepo. Matabwa agwireni ndi manja anu, akakhala olemera ndi ozizira ndiye kuti sanaume. Musapereke ndalama zonse poyamba. Ndipo pitani ndi nkhani, osati kachithunzi kokha.

Pa nyenyezi zisanu ndikumupatsa zinayi, imodzi ndachotsera masabata aja ndinkaimba foni yosayankhidwa. Chithunzi chadutsa dzinja lonse popanda chuku kapena kusuluka, chitenje sichinamatuke paliponse. Anandilangiza kuti ndisachipachike pakhoma loomba mvula, komanso ndiike zitsekerero za mabotolo kumbuyo kwa ngodya zam'munsi kuti mpweya uzidutsa, ndipo ndinachitadi zimenezo. Chidutswa cha chitenje chimene chinatsala anandibwezera atachipinda bwino m'nyuzipepala. Mayi aang'ono anachitenga, akuti akasokera kathumba koikamo Baibulo.